Chimfine cha Rute

Uthenga wa maliro unamupeza Rute ali pakati pa munda wa tiyi, dengu lili kumsana, mvula ya Januwale ikuwaza. Foni inalira m'kajumbo momwe ankaikulunga kuti isanyowe. Anali mlamu wake Esther, akuimba ali ku Blantyre, ndipo moni sanapereke n'komwe.

"Achimwene anu atisiya m'mawa uno. Achipatala akuti ndi korona. Tibwera nawo mawa."

Foni n'kuduka. Rute anaima chilili, masamba anthete ali m'manja. Misozi inachedwa, chomwe chinayamba kufika ndi mkwiyo. "Korona!" anatero mokweza, mpaka amayi a mzere winawo anatembenuka. "Korona wake uti? Mkazi ameneyu wandiphera achimwene."

A Golden anali mchimwene wake yekhayo wotsala, woyamba kubadwa, mwini mbumba. Pa ana asanu ndi awiri a mayi awo, ndi okhawo amene sukulu inawakonda. Anagwira ntchito pa kampani ina ku Blantyre zaka makumi atatu, nakwera mpaka kukhala ndi galimoto ndi woyendetsa wake. Malata a nyumba ya Rute anagula ndi iwo. Thupi nalo linavomera: mimba kutsogolo, khosi losefukira pa kolala, kuyenda kwa pang'onopang'ono kwa munthu amene sathamangira minibasi. Kumudzi kwawo, kuseri kwa Chinakanaka, amayi ankaloza mimba imeneyo pouza ana awo kuti sukulu ndi yabwino.

Koma mkazi wawoyo! Zaka makumi awiri ndi zisanu Rute akuyesa kumumeza Esther, osatheka. Anali wa ku Ntcheu, wowonda, mphunzitsi, wolankhula ngati aliyense ndi mwana wa sitandade thu. Akabwera kumudzi ankanyamula madzi ake akumwa m'mabotolo, ngati madzi a pamjigo ndi a m'chithaphwi. Choipa koposa, ankawalondera amuna ake pakamwa. Pa Khirisimasi yomwe yangopitayi, Rute atawagulira achimwene ake Fanta wozizira, Esther anachita kuwalanda botolo m'manja anthu akuona. Munthu wamkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, kulandidwa Fanta ngati khanda! A Golden anangoseka, koma Rute chinamukhala pamtima.

Khirisimasi imeneyo inayamba ndi mkangano. Atangotsika galimoto, Esther, masiki ali kukamwa, anati mipando iikidwe panja pansi pa mango, poti kunja kuno kwaopsa ndipo a wailesi akuti anthu azikhala popita mphepo. Rute anaseka chikhakhali. Pabwalo amakhala wogula nkhuku ndi wofunsa njira. Mlendo wolemekezeka, makamaka mwini mbumba, amamulowetsa m'nyumba, kumukhazika pa mpando wabwino, ndipo anthu amalowa mmodzimmodzi kudzagwada n'kupereka moni. Ndi momwe ankachitira malemu mayi awo, ndi momwe amachitira aliyense woleredwa bwino. A Golden, amene sankafuna kukhumudwitsa mlongo wawo, analowa. Rute anatseka mawindo kuopa ntchentche ndi mvula yowomba, ndipo masiku atatu amenewo anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, akuwauza za malire a munda, za amene wakwatiwa ndi amene wathawidwa. Mudzi wonse unadutsa m'kachipinda kameneko. Esther anakhala pakhonde ali ndwii.

Panali kanthu kena komwe Rute sanauze munthu. Sabata imeneyo anali ndi chimfine. Mutu unkawawa, thupi lonse ngati wamenyedwa, kachifuwa kouma, ndipo mphuno zinangofa. Sopo osamumva fungo, utsi osaumva, ngakhale nkhuku ya Khirisimasi inali ngati akutafuna chiguduli. Pageti la esiteti alonda ankaloza aliyense pachipumi kamfuti koyezera kutentha, ndipo wopezeka watentha ankamubweza kuti akakhale kunyumba masabata awiri. Masabata awiri, nyengo yomwe tiyi amaphuka usana ndi usiku! Rute ankameza mapanado awiri asananyamuke, akaweruka n'kudzifukiza nthunzi ya masamba a bulugamu atafunda bulangete. Theka la anzake otchola nawo tiyi linkafwenthera chimodzimodzi. Chimfine cha mvula basi, chaka ndi chaka chimabwera. Chaka chatsopano chisanafike anali atachira, ndipo anachiiwala.

Nanga akanachikumbukira bwanji? Madzulo alionse wailesi inkawerenga manambala, Blantyre mwakuti, Lilongwe mwakuti. Akufawo anali mabwana, abusa a mipingo ya m'tauni, akuluakulu a boma, anthu okwera ndege. Kuno pa msika wa Nkando anthu ankapanikizana ngati kale, m'minibasi anayianayi pampando, masiki ali pachibwano kuopa apolisi basi, koma osamva kuti wakuti wafa ndi korona. Ena ankati chowateteza ndi nyemba za kalongonda, zimalimbitsa magazi. Ena ankati dzuwa la m'tiyi limawotcha kachilomboko, ndipo amuna a pa kachasu ankati mankhwala ali m'botolo. Onse ankagwirizana pa chinthu chimodzi, kuti amenewo ndi matenda a olemera, kwa amphawi amangodutsa.

Ndiye Rute anafika kumudzi tsiku lija ndi funso lake lonola kale. Analifunsa pa siwa, amayi atadzaza m'nyumba kudzamuliritsa. Ngati ndi korona, ife tonse amene tinawagwira chanza bwanji tili moyo? Nanga mkazi wofunda nawo bulangete limodzi, bwanji akuimba foni ndi mawu amphamvu chonchi? Nyumba ya mpanda ya ku Blantyre ija itsala ndi ndani? Mawu oti mankhwala kapena ufiti sanawatchule, ndipo sanafunikire kutero. Pomwe kunkacha, funsolo linali litazungulira mudzi wonse n'kubwerako lili ndi yankho.

Bokosi linafika dzuwa lili pafupi kufika pamutu, pa galimoto ya pikapu, ndipo silinakhote kulowera kunyumba. Linalunjika kumanda. Anthu anadzuka pa siwa n'kulithamangira, amayi ena akulira, ena akutukwana. Kumbuyo kwa galimoto kunakhala anthu anayi ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmodzi atabereka chopopera ngati akukapopera tomato kudimba. Esther anatsika m'galimoto ya amuna ake yomwe inkatsatira pambuyo, atavala zakuda, maso ali psuu pamwamba pa masiki. Ana awo awiri anali ku Joni ndipo malire anali otseka, choncho anabwera yekha ndi woyendetsa.

Manda anali atakumbidwa kale, koma adzukulu anaima mozungulira dzenje makasu ali m'manja. Mkulu wawo anali Ganizani, mwana wa malemu achemwali ake a Rute, bambo wa ana atatu. A Golden anali amalume ake enieni, amene anakamufunsira mbeta ndi kumuweruzira milandu yake yonse ya paunyamata.

"Tsitsani bokosi apa, mutsekule," anatero Ganizani. "Tione nkhope ya amalume."

Mmodzi wa ovala zoyera aja anakweza chigalasi chakumaso. Anali Kondwelani, wazaumoyo wa dera lomwelo, uja amayeza ana sikelo pansi pa mtengo mwezi ndi mwezi. Anthu atamuzindikira mkwiyo unachita kuwonjezeka. Mlendo ukhoza kumukhululukira, koma uyu mwambo ankaudziwa.

"Achimwene, lamulo silikulola. Thupi alikulunga kuchipatala, sitingatsekule."

"Lamulo la ndani? Munthu apite osagona m'nyumba, osasambitsidwa, osaonedwa nkhope, ngati galu? Tidziwa bwanji kuti muli munthu umu? Kapena mwaikamo thunthu la nthochi?" Ganizani anatembenukira kwa Rute. "Amayi aang'ono, eni maliro ndinu. Nenani."

Rute anadutsa pakati pa anthu mpaka anaima maso ndi maso ndi mlamu wake. Analibe mantha. Tsiku limeneli anali atalidikira zaka zambiri.

"Alamu, ndikufunseni pamaso pa anthu. Achimwene anachoka pano akuyenda okha, akuseka. Masabata atatu okha, mwatibweretsera bokosi lokhoma. Mukuti korona. Taonani anthu awa. Onsewa anawapatsa moni, ena anadya nawo mbale imodzi. Wafa ndani? Inuyo mwagona nawo, mwawadwazika, bwanji mwaima apa? Korona wanuyo ali ndi maso, amasankha munthu wa nyumba ya mpanda?"

"Eyaa!" anavomera amayi kumbuyo. "Ayankhe!"

Esther anatsekula chikwama chake, natulutsa jumbo, n'kuikhuthulira pa mapazi a Rute. Timabotolo, timapaketi ta mapiritsi, majekeseni, ndi kabuku ka kuchipatala kakutha m'makona, zonse mbwee m'matope.

"Tolani muwerenge, ngati mumatha," anatero, mawu ali ozizira. "Shuga, zaka khumi ndi chimodzi. Bipi, zaka zisanu ndi zinayi. Impso zinali zitayamba kale kuvuta. Achimwene anu anali munthu wodwala, inu mukuombera m'manja mimba yawo. Anandiletsa kukuuzani, ankati kumudzi azindiona ngati ndatha. Ine ndikuwalanda Fanta kuti akhale moyo, inu n'kumandidya miseche. Ndinadwala nanenso, alamu, masiku anayi, ndinadzuka. Iwo mpweya unawathera ine ndikuona."

Za shuga ndi impso anthu sanazimve. Chomwe anamva ndi "ngati mumatha" uja, ndipo chinawalasa onse, ngakhale amene amatha. "Akutinyoza!" wina anakuwa. "Pamaliro pomwe akutinyoza!"

Kondwelani anakweza manja onse awiri. "Makolo anga, tandimverani pang'ono. Matendawa sayang'ana chuma, amayang'ana thupi. Akapeza munthu wamkulu, wonenepa, wa shuga, wa bipi, amamugwetsa. Akapeza inu a Ganizani, thupi lanu la khasulo, amangokupatsani chimfine n'kupitirira. Tayang'anani pano, imvi zilipo zingati? Kaundula wa mudzi uno ndimalemba ndine, theka ndi ana. Akuluakulu athu ambiri tinawaika kale muno, malungo ndi matenda ena anawatenga kalekale, korona wafika wapeza ogwira ndi ochepa. Komanso ife timakhala panja. Kuphika panja, kudya panja, ntchito panja. Anzathu a m'tauni amadzitsekera m'maofesi tsiku lonse, kupumirana mpweya womwewo. Zina ngakhale madokotala akuluakulu akuzifufuzabe, sindinganame kuti ndikudziwa zonse."

"Sukulu yake imeneyo," anatero Ganizani. "Ndiye bwanji kuno sikunafe munthu ngakhale mmodzi?"

"Mukutero ndinu. A Simon, alonda a kusukulu aja, tinawaika liti?"

"Sabata yatha. Koma aja chinali chifuwa."

"Nanga agogo a Rosie a kutsidya?"

"Ukalamba umenewo!" anayankha mayi wina.

"Anawayeza ndani? M'tauni munthu amafera m'chipatala, amamuyeza, madzulo mumamumva pa wailesi. Kuno amafera pamphasa, ife n'kukwirira, n'kuti chifuwa. Wailesi siwerenga manda a kuno." Kondwelani anapukuta thukuta ndi mkono. "Tsono ndifunse. Nthawi ya Khirisimasi, ndani pano amene zakudya zinasiya kumukomera, fungo osalimva?"

Anthu anayang'anizana. Kenako wina anaseka, wina n'kutsatira. "Aaa, chimene chija? Ngakhale ine!" Mayi wina anati anathira mchere katatu m'ndiwo mpaka mwamuna wake anakadya kwa mkazi wamng'ono. Anthu anaseka pamanda, mkwiyo uli chiimire pambali kudikira.

Rute sanaseke. Anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Mawindo otseka aja anamubwerera m'maso, ndi achimwene ake akuweramira pansi kuti amve bwino zomwe iye ankawanong'oneza, iye akutsokomolera m'chitenje n'kupitiriza nkhani. Anayesa kuchikankha chithunzicho, chinakana. Anayang'ana pansi pa mapiritsi aja omwe anali akusungunuka m'matope.

Esther anali akumuyang'ana. "Funso limenelo afunseni alamu angawa, a zaumoyo. Ine ndinali pakhonde, chifuwa chawo ndinkachimvera pachitseko. Ndinapempha kuti tikhale panja, anandiseka. Afunseni."

Maso onse anabwera pa Rute. Ndipo Rute, mayi wa Mvano, wosaphonya pa mapemphero a Lachinayi, anatukula mutu n'kuyang'ana mlamu wake osaphethira.

"Ine? Sindinadwale ine. Kafunseni ku esiteti ngati ndinajombako ngakhale tsiku limodzi."

Zoti sanajombe zinali zoona, ndipo anzake otchola nawo tiyi anali pomwepo kuvomereza. Bodza likayenda ndi mboni zotere, ndani angaligwire?

"Mwamva?" anakuwa Ganizani. "Wapha mwamuna, tsopano akufuna kupachika mlandu pa mlongo wake!"

Zomwe zinatsatira zinachitika msanga. Chibuma chinauluka kuchokera kumbuyo n'kuphulika paphewa la Esther. Chachiwiri sichinali chibuma, unali mwala, ndipo unamupeza pamwamba pa diso. Magazi anatsika mpaka pa masiki. Ovala zoyera atatu aja anathawira kuseri kwa pikapu. Kondwelani anayesa kutchinga, wina anamukankha, anagwa chagada m'dothi la pamanda. Amuna awiri anakwera pagalimoto n'kulowetsa khasu pansi pa chivundikiro cha bokosi. Amayi omwe aja ankaseka za mchere tsopano ankakuwa kuti avulidwe nsalu yakudayo, siimuyenera, achoke asanaponye dothi.

Esther sanathawe. Anagwira m'mphepete mwa bokosi ndi dzanja limodzi. "Ndipheni pomwe pano," anatero. "Mundiike nawo limodzi, dzenje mwakumba kale."

Zaka zonsezi Rute ankalakalaka kumuona mkazi ameneyu atatsitsidwa, ndipo ndi uyu apa, magazi ali chuchuchu. Koma chimwemwe sichinabwere. Chomwe anaona ndi Ganizani, mwana wa achemwali ake, amene anamubereka kumsana ali wakhanda, atatembenuza khasu n'kukweza mpini m'mwamba. Mpini umenewo ukatsika, Esther agona pomwepo, Ganizani akaolera kundende, ana atatu atsala, ndipo zonsezo zichokera pa bodza limene iye wangolankhula.

"Muluku wanga!" Mawu anatuluka m'chinenero cha mayi ake. "Lekani! Ganizani, tsitsa khasulo! Ndati tsitsa!"

Anadzigwetsa pakati pa awiriwo. Ganizani anaima, mpini uli m'mwamba. Amuna a pagalimoto aja analeka kukanula.

"Ndanama," anatero Rute. Anakweza mawu. "Ndinadwala. Sabata yonse ya Khirisimasi ndinali ndi chifuwa, fungo sindinkamva. Ndinkamwa panado kuti andilole pageti. Alamu anapempha kuti tikhale panja, ndinakana ndine. Mawindo ndinatseka ndine. Masiku atatu ndikuwapumira achimwene kumaso. Mayi uyu musiyeni. Ngati pali amene wawapha, ndine."

Anatseka maso kudikira mwala wake. Anali wokonzeka, ndipo pansi pa mtima ankaufuna. Koma chomwe anamva ndi kuusa moyo kwa amayi.

"Iii, chisoni chawasokoneza mutu."

"Amayi aang'ono," anatero Ganizani, mawu atafewa, khasu litatsika. "Musadzinamizire. Chimfine chija tonse tinadwala. Ine ndinadwala, mkazi wanga anadwala, ana onse. Wafa ndani? Chimfine sichipha munthu. Mukungofuna kumupulumutsa mayiyu ndi mtima wanu wabwinowo."

"Ndikunena zoona, Ganizani!"

"Tamva, tamva. Poti eni maliro mwati tisiye, tisiya. Adzaweruza ndi Mulungu." Anakodola amuna aja kuti atsike. Kenako analavulira pansi, pafupi ndi nsapato za Esther.

Kondwelani anadzuka, zoyera zake zili matope okhaokha. Podutsa pafupi ndi Rute ananena motsitsa mawu kuti m'nyumba muja munalowa mudzi wonse, ndipo ngakhale ku Blantyre matendawa ali ponseponse, palibe angaloze kuti anachokera kwa uje. Rute anamva, koma sizinalowe. Ena onse ankagwada, kupereka moni, n'kutuluka. Amene anakhala nawo masiku atatu ankamudziwa, anali iye mwini.

Mwambo wake unali waufupi moti munthu wochedwa panjira akanapeza zatha. Ovala zoyera anapopera bokosi, anapopera zingwe, natsitsa. Mkulu wa mpingo anapemphera mothamanga. Esther anatola dothi n'kuponya, magazi atauma patsaya, ndipo malo omuzungulira anali mbee, popanda mayi ngakhale mmodzi womugwira mkono monga amachitira ndi wamasiye. Adzukulu atayamba kukwirira, anatembenuka kulunjika ku galimoto. Rute anamutsatira, akuyenda pakati pa iye ndi anyamata amene anali asanataye miyala yawo.

Atafika pagalimoto, Rute anatambasula dzanja. "Alamu, chilondacho. Tiyeni kunyumba ndikutsukeni ndi madzi otentha."

"Musandikhudze."

Dzanja linabwerera. Esther anavula masiki a magazi aja n'kuwapinda bwinobwino, ndipo kanali koyamba tsiku limenelo kuti Rute aone nkhope yake yonse. Inali itakalamba.

"Mukuganiza kuti mwatsuka?" anatero Esther. "Mwanena chifukwa mwaona magazi. Awa sakukukhulupirirani, ndipo pamudzi pano ine ndidzakhala mfiti mpaka kufa kwanga. Manda a mwamuna wanga sindidzawaonanso. Koma ine ndamva, alamu. Ana ake ndikawauza mawu anu momwe mwawanenera, osachotsa, osawonjezera."

Chitseko chinatsekedwa. Galimoto inatembenuka movutikira m'matope, n'kutsata njira ya pakati pa minda ya nandolo mpaka inabisika.

Rute anabwerera kumudzi yekha, mapazi akulemera. Pabwalo anapeza amayi atayala mphasa yatsopano, ndipo atamuona anapatuka kumupatsa njira. Awiri anamugwira m'manja n'kumukhazika pakati. Wina anamufunditsa chitenje, wina anabwera ndi tiyi wamkaka m'kapu yabwino ija ya alendo. Mtsogoleri wa Mvano anaimirira n'kuuza anthu kuti lero aona chikhristu ndi maso, munthu kudzisenzetsa mlandu chifukwa cha mdani wake, ndipo atsikana atengerepo phunziro.

Apo m'pomwe misozi ya Rute inabwera, yonse nthawi imodzi. Analira mofuula, akudziguguda pachifuwa, ndipo amayi anagwedeza mitu kuti musiyeni alire, ankawakonda achimwene ake. Anatsekula pakamwa kuti anenenso, kuti mwina mmodzi yekha amve. Mayi amene anakhala pambali pake anamutseka pakamwa ndi chikhatho mwachikondi, namukokera pachifuwa pake, n'kuyambitsa nyimbo.